Ng'ombe Zikadya Munda wa Mnzako, Wolipira Ndani? Nkhani ya Makampani ndi Eni Masheya

Pa mudzi uliwonse kuno kwathu, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Chama, mlandu wa ng'ombe zimene zadya cimanga ca mwini sucedwa pa bwalo. Nyakwawa imaitana mwini munda ndi mwini khola, akuluakulu amapita kukaona mapesi othyoka ndi mapazi a ziweto, ndipo pobwerako mlandu umakhala utatha kale. Kamnyamata kobusa kangakalipiridwe kapena kulawa mkwapulo, koma wolipira ndi mwini ng'ombe. Palibe amene angaimirire pa bwalo ndi kunena kuti, "Mkaka ndimamwa ndine, ngolo zimakokera ine, koma zikaononga m'munda si zanga." Wonena zotere anthu angamuseke mpaka kugwira nthiti.

Koma m'malamulo oyendetsera makampani mau oterewa saseketsa munthu. Ndiwo maziko enieni amene makampani onse, aakulu ndi aang'ono omwe, amaimapo. Popeza masiku ano makampani afika mpaka kumidzi, ena kudzagula thonje ndi fodya, ena kudzafuna golide ku Petauke ndi ku Rufunsa, ena miyala ya mtengo wapatali ku Lundazi, nkoyenera kuti owerenga tsamba lino adziwe kuti cinthu cimeneci cochedwa kampani ndi cotani, mwini wace ndani, ndipo cikalakwa amaimbidwa mlandu ndani.

KAMPANI NDI MUNTHU WOPANDA THUPI

Anthu akafuna kuyamba kampani m'Zambia amapita kukailembetsa ku bungwe la PACRA, motsata lamulo la makampani la caka ca 2017. Tsiku limene kalata ya kulembetsa yatuluka, pamaso pa lamulo pamakhala pabadwa munthu watsopano. Munthu ameneyu alibe thupi, sadya nsima, sadwala malungo, koma akhoza kugula malo m'dzina lace, kukongola ndalama ku banki, kulemba anthu nchito, kusumira ena ndi kusumiridwa ku khoti. Amene anamubala akamwalira, iye amapitirizabe kukhala ndi moyo.

Eni kampani ndi anthu amene anaikamo ndalama, ndipo gawo la yense limawerengedwa ndi masheya. Tiyerekeze kuti cuma ca kampani cagawidwa m'zigawo 100. Amene ali ndi zigawo 10 adzalandira gawo limodzi mwa magawo khumi a phindu logawidwa, ndipo pa msonkhano wa pacaka mau ace adzalemera molingana ndi zigawo zacezo. Apa ndi pamene kampani imasiyanirana ndi kopaletivu imene alimi ambiri aizolowera. Mu kopaletivu membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya ndi mwini ngolo zitatu kaya ndi mai wamasiye wa khasu limodzi. Mu kampani amavota ndi masheya, osati mitu ya anthu, kotero kuti munthu mmodzi wa zigawo 51 amagonjetsa anthu cikwi ogawana zigawo 49 zotsalazo.

Tsono pa mapeto a dzina la kampani mudzaona liu lacingerezi lakuti Limited. Ambiri timaliwerenga pa zikwangwani ndi pa matumba a feteleza osadziwa kuti ndi cenjezo. Tanthauzo lace ndi lakuti mwini masheya ali ndi malire a zimene angataye. Kampani ikagwa ndi ngongole, iye amataya ndalama zokhazo zimene anagulira masheya kapena zimene analonjeza kuikamo. Nyumba yace, galimoto lace ndi ng'ombe zace okongoza sangazikhudze.

Mfundo imeneyi inakhazikika ku England pa mlandu wa munthu wina wosoka nsapato wa mu mzinda wa London, dzina lace Aron Salomon. Mu 1892 iye anasandutsa malonda ace kukhala kampani ya eni asanu ndi awiri: iye mwini, mkazi wace ndi ana ace asanu. Pa masheya 20,007, iye yekha anatenga 20,001, ndipo enawo anali ndi imodzi imodzi. Malonda atagwa, okongoza anati kampaniyo inali Salomon yemweyo atangovala malaya ena, motero alipire za m'thumba mwace. Makhoti awiri oyamba anagwirizana nawo. Koma mu 1896 khoti lalikulu koposa la dzikolo linagamula kuti kampani yolembetsedwa mwa lamulo ndi munthu wapayekha, wosiyana ndi eni ace, ngakhale mwini weniweni akhale mmodzi. Ife tinalandira malamulo athu ambiri kucokera kwa Angerezi, ndipo cigamulo ca wosoka nsapatoyo cimachulidwabe m'makhoti a ku Lusaka ndi ku Ndola.

Tisafulumire kunena kuti lamuloli ndi loipa. Mgodi umafuna ndalama zimene munthu mmodzi sangakhale nazo, ndipo umatha zaka zambiri usanabweze kanthu. Ndani angapereke ndalama zace ku nchito yotere ngati akudziwa kuti tsiku lina anthu adzabwera kudzamulanda nyumba cifukwa ca zolakwa za manijala amene sanamuonepo nkhope? Popanda malire amenewa sipakadakhala njanji, migodi kapena mafakitale a shuga. Vuto limabwera pamene ngozi imene mwini masheya waithawa igwera munthu wina amene sanalandireko phindu, ndiponso sanafunsidwe.

Eni masheya sayendetsa kampani tsiku ndi tsiku. Amasankha madailekita, ndipo madailekita amalemba mamanijala. Lamulo limafuna kuti dailekita agwire nchito mokhulupirika ndi mosamala pofunira zabwino kampaniyo, osadzipezera phindu mobisa. Koma zabwino za kampani ndi ziti? Kwa zaka zambiri yankho lofala linali lakuti ndi phindu la eni masheya basi. Ena amatsutsa, amati kampani imamwa madzi a mtsinje wa onse, imayenda pa mseu wa onse, imagwiritsa nchito ana a m'dziko, motero ili ndi mangawa kwa onsewa. Ku Britain lamulo la makampani la 2006 linayesa kuyenda pakati: limauza dailekita kuti afunire zabwino eni masheya, koma pocita zimenezo aganizirenso anchito, anthu okhala pafupi ndi cilengedwe. Mau ace ndi okoma. Cokhumudwitsa ndi cakuti munthu wa pamudzi amene dimba lace lauma sangasumire dailekita pa mau amenewo, pakuti udindowo dailekita ali nawo kwa kampani, osati kwa iye.

PAMENE BOMA LINATENGA ZIGAWO 51

Funso lakuti kampani igwirire nchito yani si lacilendo m'dziko lino. Pa tsiku la ufulu, 24 Okutobala 1964, umwini wa miyala ya pansi pa nthaka unacoka m'manja mwa British South Africa Company ndi kubwera ku Zambia, koma migodi yeniyeniyo inali idakali ya makampani awiri akunja, Anglo American ndi Roan Selection Trust, ndipo phindu lalikulu linali kupita kwa eni masheya a kutsidya kwa nyanja. Mu Epulo 1968, pa msonkhano wa ku Mulungushi, Dr Kenneth Kaunda analengeza kuti boma lidzagula zigawo 51 m'makampani ambiri a malonda ndi mafakitale. Mu Ogasiti 1969, ku Matero mu Lusaka, ananena zomwezo za migodi. Kucokera pamenepo panabadwa Nchanga Consolidated Copper Mines ndi Roan Consolidated Mines, amene mu 1982 anaphatikizidwa kukhala ZCCM.

Akuluakulu a kuno kum'mawa amene anakagwirako nchito ku migodi amakumbukira bwino masiku amenewo. Kampani inali mai ndi bambo. Inali ndi zipatala, masukulu, nyumba za anchito, madzi, magetsi, ngakhale matimu a mpira monga Nchanga Rangers ndi Mufulira Wanderers. Koma mtengo wa kopa utagwa m'ma 1975, ng'ombe inayamba kukamidwa popanda kudyetsedwa. Makina anakalamba, kopa anacepa, ngongole zinakula, mpaka migodi inagulitsidwa, ndipo nchito yogulitsayo inatha mu 2000.

Pano ndiyenera kunena cimene ena sakonda kumva. Umwini wa boma sunali mankhwala a zonse. Ngozi yoopsa ya ku Mufulira, pamene matope a mgodi anagumukira pansi ndi kupha anthu 89, inacitika mu Seputembala 1970, boma litatenga kale zigawo zace. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994 uli m'manja mwa ZCCM, ndipo fumbi lace linasiyidwa pomwepo. Mwini masheya, kaya ndi mzungu wa ku London kaya ndi boma la ku Lusaka, amayang'ana coyamba pa cimene kampani imubweretsera.

MADZI A MUSHISHIMA

Mlandu umene waphunzitsa dziko lonse lapansi pa nkhaniyi unacokera ku Chingola. Kampani ya Konkola Copper Mines, imene ambiri amangoiti KCM, inatengedwa ndi Anglo American mu 2000, koma iwo anaisiya mu 2002. Mu 2004 inagulidwa ndi Vedanta Resources, kampani yolembetsedwa ku London imene mizu yace ili ku India. Poyamba Vedanta inatenga zigawo 51, pambuyo pace zinakwera kufika pa 79 ndi kanthu pa 100 iliyonse. Zotsalazo, zopitirira pang'ono 20, zinakhala za ZCCM-IH, kampani imene imasunga masheya a boma m'migodi.

Mu Novembala 2006 paipi yonyamula matope a mgodi wa Nchanga inaphulika, ndipo madzi a asidi analowa mu kamtsinje ka Mushishima mpaka mu Kafue. Anthu a ku Chingola anakhala opanda madzi a m'mipope, ndipo amene anamwa a mumtsinje anadwala. Bambo James Nyasulu pamodzi ndi anthu ena pafupifupi 2,000 anasumira KCM ku khoti lalikulu. Mu 2011 woweruza Phillip Musonda anapeza kampaniyo yolakwa nalamula kuti ilipire K10 biliyoni ya ndalama zakale, ndiye kuti K5 miliyoni munthu aliyense, imene pa kwacha ya masiku ano ndi K5,000. Kampani inacita apilo. Mu 2015, patapita zaka zoposa zisanu ndi zitatu cicitikire ngoziyo, Khoti la Suprimu linavomereza kuti KCM inaipitsadi madzi, koma linacotsa malipiro aja, cifukwa mwa anthu onsewo ndi ocepa okha amene anabweretsa makalata a ku cipatala osonyeza kudwala kwao. Linati cipukuta misozi ciwerengedwenso potsata umboni wa munthu aliyense payekha.

Taganizirani zimenezi, inu owerenga. Mai wa pamudzi amene mwana wace anatsegula m'mimba usiku, anampatsa thobwa ndi mankhwala a mizu, mwina anapita naye ku kiliniki kumene anangomulembera pa kakope kamene kanadyedwa ndi ciswe kalekale, ameneyo pamaso pa khoti ali ngati munthu amene sanadwazepo. Anapambana mlandu koma anabwerera manja ali m'khosi.

Caka comweco ca 2015, anthu 1,826 a m'midzi inai ya Shimulala, Hellen, Kakosa ndi Hippo Pool anayesa njira ina. Mothandizidwa ndi maloya a Leigh Day a ku England, anakasuma ku London, ndipo sanasumire KCM yokha komanso kholo lace, Vedanta. Iwo anati kuyambira 2005 zoipa za mgodi zinali kulowa m'madzi amene amamwa, kuthirira madimba ndi kumwetsa ziweto. Mlanduwo umadziwika ndi dzina la mmodzi wa iwo, Bambo Dominic Lungowe.

Yankho la Vedanta linali lija la wosoka nsapato. Iwo anati: ife ndife eni masheya cabe; mgodi ndi wa KCM, kampani ya ku Zambia, yoyendera malamulo a Zambia; ngati pali mlandu, ukazengedwe ku Zambia. Mkangano wa funso limodzi lokhali, lakuti mlandu uzengedwere kuti, unatha zaka zinai ndi kudutsa makhoti atatu.

Pa 10 Epulo 2019 Khoti la Suprimu la ku Britain linagamula mokomera anthu a m'midzi. Woweruza Lord Briggs sanagwetse mfundo ya Salomon. Anavomereza kuti kukhala ndi masheya pakokha sikumpatsa munthu mlandu. Koma anati cofunika kuona ndi cimene kholo linacita ndi mphamvu zace. Ngati kholo linalowerera pa kayendetsedwe ka mgodi, kapena linaika malamulo a kasamalidwe ka cilengedwe m'makampani ace onse ndi kumaphunzitsa ndi kuyang'anira anchito pa malamulowo, likhoza kuyankha mlandu pa zocita zace zomwe. Anaonjezanso mfundo imene inadzidzimutsa makampani ambiri: ngati kholo lauza anthu poyera kuti limayang'anira zinthu zotere, likhoza kuimbidwa mlandu ngakhale kuti kunena zoona silinayang'anire, pakuti kusacita cimene linalengeza ndiko kulakwa kwace.

Umboni wa zimenezi unacokera kuti? M'mabuku a Vedanta yomwe. Makampani aakulu amakonda kusindikiza caka ndi caka mabuku okongola a zithunzi za ana akumwetulira ndi mitengo yobiriwira, ofotokoza mmene amasamalira anthu ndi cilengedwe. Mabukuwa amalembedwera eni masheya ndi mabanki. Anthu a ku Shimulala, kupyolera mwa maloya ao, anatenga mau a m'menemo ndi kuwaika pamaso pa oweruza. Mbuzi inadzimangirira ndi cingwe cace comwe.

Mbali yaciwiri ya cigamuloco ndi yowawa kwa ife, ndipo sitiyenera kuibisa. Oweruza anati kunena zoona malo oyenera mlanduwo anali Zambia, pakuti mgodi, mtsinje, odandaula ndi mboni zonse zinali kuno. Sananyoze oweruza athu kapena kukayika ufulu wa makhoti athu. Koma anapeza kuti odandaulawo anali osauka kwambiri, thandizo la boma la maloya silikadawafikira, ndipo malamulo athu sanali kulola kuti loya agwire nchito ndi pangano lakuti adzalipidwa mlandu ukapambana. Anaonanso kuti panalibe magulu a maloya okhala ndi ndalama ndi akatswiri okwanira kulimbana ndi kampani yaikulu pa mlandu wofuna kupima madzi, dothi ndi magazi a anthu ambirimbiri. Pofotokoza zimenezi anachula mlandu wa a Nyasulu uja ngati citsanzo.

Tidziwe bwino kuti khoti la ku London silinanene kuti Vedanta inalakwa. Linangotsegula citseko kuti mlandu umvedwe. Ndipo sunamvedwe mpaka kumapeto, cifukwa mu Januwale 2021 kunalengezedwa kuti Vedanta ndi KCM agwirizana kulipira anthu oposa 2,500, mwa iwo ana oposa 600, popanda kuvomera kulakwa. Kucuruka kwa ndalamazo sikunaululidwe.

ENI MASHEYA AKAYAMBANA

Pamene izi zinali kucitika, m'nyumba ya KCM momwemo munabuka moto wina. Mu Meyi 2019, m'nthawi ya Pulezidenti Edgar Lungu, ZCCM-IH inapempha khoti lalikulu ku Lusaka kuti KCM ithetsedwe, ndipo kampaniyo inaikidwa m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi khoti. Boma linati Vedanta sinasunge malonjezo ace a kuikamo ndalama ndiponso sinali kulipira misonkho moyenera. Vedanta inakana, ndipo milandu inayenda m'makhoti a kuno ndi a ku South Africa. Apa tinaona kuti mwini wa zigawo zocepa naye ali ndi zida zace m'lamulo, makamaka akakhala boma.

Koma njobvu zikamamenyana umavutika ndi udzu. M'zaka zimenezo kopa wa KCM anatsika, ndipo amalonda ang'onoang'ono a ku Chingola ndi Chililabombwe amene anaperekako katundu anadikira malipiro ao mpaka ena anatseka masitolo. Mu Seputembala 2023 boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linagwirizana ndi Vedanta kuti ibwerere, ndipo inayambanso kuyendetsa kampaniyo mu 2024. Pa mgwirizanowo Vedanta inalonjeza kuika madola 1 biliyoni m'migodi m'zaka zisanu, kupereka madola 250 miliyoni olipirira okongoza a m'dziko, ndi madola 20 miliyoni caka ciliconse a citukuko ca anthu okhala pafupi ndi migodi.

Pali cinthu cimodzi cimene ciyenera kutikhalitsa pansi. ZCCM-IH ili pa msika wa masheya wa ku Lusaka, umene unatsegulidwa mu 1994. Mwini wace wamkulu ndi boma, ndipo bungwe la penshoni la NAPSA nalo lili ndi masheya m'menemo. Ndiye kuti mphunzitsi wa ku Katete, msonkho wace ndi tsogolo la mwana wace, ndiponso kalaliki wa ku Chipata amene amadulidwa ndalama ya NAPSA mwezi ndi mwezi, onsewa ali ndi kagawo m'khola lija. Tikamafuna phindu lalikulu la migodi kuti boma limange misewu, ndiponso tikufuna kuti Kafue akhale woyera, tikupempha zinthu ziwiri zimene nthawi zina zimakokana, cifukwa damu lolimba losungira matope a mgodi limadya ndalama zimene zikadagawidwa ngati phindu.

Za ku Kabwe nazo zinafika ku khoti lakunja. Mu Okutobala 2020 maloya anasumira Anglo American South Africa ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amai pafupifupi 140,000 amene akuti anavulazidwa ndi mtovu. Kampaniyo inayankha kuti sinali mwini mgodi kapena woyendetsa wace, inangokhala ndi masheya ocepa ndi kupereka uphungu wa nchito, ndipo mgodi unayendetsedwa ndi boma kwa zaka zambiri iwo atacoka. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlandu uzengedwe monga wa gulu, ndipo odandaula anacita apilo. Wina amaloza mnzace, mnzaceyo amaloza wina, pamene ana a ku Kasanda ndi Chowa anakulira m'fumbi lomwelo.

Ndipo pa 18 Febuluwale 2025 damu la matope a asidi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, zoipa zace nkulowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali mwa mtsinje inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa masiku. Boma linacita kuthira laimu mumtsinje ndi ndege za asilikali. Kampaniyo inapepesa, ndipo alimi ena anakasuma ku khoti lalikulu ku Lusaka caka comweco. Nayonso ndi mwana wa kampani ina yaikulu ya ku China.

MPHATSO NDI NGONGOLE

Tibwerere kumudzi. Kampani ikafika pa malo imakonda kuyamba ndi zabwino: mjigo pa sukulu, mayunifolomu a timu ya mpira, malata a nyumba ya mphunzitsi. Pa tsiku lopereka pamakhala nyimbo ndi zithunzi. Zimenezi si zoipa, ndipo mjigo ndi mjigo, madzi ace amamweka. Koma ine ndimaona kuti ambiri timasokoneza mphatso ndi ngongole. Mphatso kampani imapereka ikafuna, ndipo dailekita akaona kuti caka cino phindu lacepa akhoza kuileka popanda womufunsa. Kusaipitsa mtsinje, kulipira munda umene watengedwa, kupereka msonkho ndi malipiro a anchito pa nthawi yace, zimenezi ndi ngongole, ndipo lamulo limazifuna. Mudzi umene walandira mphatso umacita manyazi kufunsa ngongole. Walira mvula walira matope, inde, koma matope a asidi sanali m'pempho lathu.

Lamulo la cilengedwe la 2011, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA, limanena kuti munthu aliyense wokhala m'Zambia ali ndi ufulu wokhala pa malo aukhondo ndi osaopsa moyo, ndipo akhoza kupita ku khoti ufuluwo ukasokonezedwa. Nchito yaikulu monga mgodi kapena fakitale siyenera kuyamba popanda kafukufuku wa mmene idzakhudzira madzi, nthaka ndi anthu, ndipo pocita kafukufukuyo anthu a pamalopo ayenera kufunsidwa maganizo. Msonkhano umenewo si wa mfumu ndi nduna zace zokha. Mai amene amatunga pa mtsinjewo ali ndi ufulu woima ndi kufunsa kumene madzi oipa adzatayidwa, ndi kupempha kuti funso lace ndi yankho lace zilembedwe. Lamulo lomweli limalolanso kuti kampani ikapalamula, madailekita ndi mamanijala amene anadziwa aimbidwe mlandu iwo eni, ndipo makhoti akhoza kucotsa cophimba ca Limited pamene kampani yagwiritsidwa nchito pobera anthu.

Pa za malo, lamulo la 1995 limafuna kuti malo a makolo asanasandutsidwe a lizi, mfumu ndi khonsolo avomereze, ndipo anthu amene adzakhudzidwa afunsidwe. Malo akangolembedwa m'dzina la kampani amakhala cuma cace. Ikhoza kuwaika cikole ku banki, ndipo ikagwa akhoza kugulitsidwa kwa munthu amene sanakhalepo pa msonkhano wa pansi pa mtengo pamene malonjezo anaperekedwa. Cimodzimodzinso masheya amagulitsidwa: amene munagwirana naye canza caka cino, caka camawa angakhale atacoka, dzina la kampani pa cikwangwani lili lomwelo. Ndi cifukwa cace lonjezo la pakamwa la manijala silikwanira. Lilembedwe m'dzina lonse la kampani, lisainidwe ndi amene ali ndi mphamvu yoimangirira, ndipo mudzi usunge kope lace.

Dzina lonselo ndi lofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Kawirikawiri dzina la pa galimoto ndi la kholo lochuka, koma la pa pangano ndi la kamwana kamene kalibe kanthu kena koma tebulo ndi mipando iwiri. Mlimi wa thonje kapena fodya amene asaina pangano la mbeu ndi mankhwala a ngongole ayang'ane kuti wasainirana ndi yani. Ku PACRA munthu aliyense, atalipira kandalama kofufuzira, akhoza kuona ngati kampani inalembetsedwadi, madailekita ace ndani ndi eni masheya ace ndani, ndipo lamulo la 2017 linaonjeza kuti makampani aziulula eni eni enieni amene amadya phindu, ngakhale atabisala kumbuyo kwa maina a ena.

Tsono tsoka likagwa, madzi akasintha mtundu kapena nsomba zikayandama, nkhani ya a Nyasulu yatisonyeza cimene khoti lidzafunsa patapita zaka. Wodwala apite ku cipatala tsiku lomwelo ndipo kalata yace isungidwe m'thumba la pulasitiki, kutali ndi ciswe. Mlangizi wa zaulimi aitanidwe adzaone munda nalembe ukulu wace ndi mbeu zimene zinalimo. Wa zoweta alembe ziweto zakufa. Amene ali ndi foni ajambule, nyakwawa ilembe tsiku ndi maina a mabanja onse okhudzidwa, ndipo uthenga upite kwa a ZEMA ndi kwa bwanamkubwa wa boma laling'ono madziwo asanatsike.